Saxa Vord: kaphiri ka ku Shetland komwe Britain amalonderapo thambo la kumpoto

Kumpoto kwenikweni kwa Britain, kumene misewu yonse imathera, kuli chilumba cha Unst. Kuti mukafikeko kuchokera ku Aberdeen, mzinda wa ku Scotland, mumagona usiku wonse m'sitima ya pamadzi, maola 12 kapena kuposa, n'kukatsikira ku Lerwick, tawuni yaikulu ya zilumba za Shetland. Kuchoka apo ndi galimoto kulowera kumpoto mpaka ku Toft, muwoloke pa pantoni kupita pachilumba cha Yell, mudutse Yell yense, muwolokenso kachiwiri kuchokera ku Gutcher kukafika ku Belmont. Mukatero mwaponda Unst. Kalembera wa 2011 anapeza anthu 632 pachilumbapo. Mitengo ndi yochita kuwerenga. Chochuluka ndi udzu wamfupi, nkhosa, timahatchi tating'ono ta ku Shetland, mbalame za m'nyanja ndi mphepo yosapuma.

Kumapeto kwa chilumbachi kuli phiri la Saxa Vord, lotalika mamita pafupifupi 285. Kwa ife amene tinazolowera Mulanje ndi Zomba, kameneka ndi kachitunda chabe. Koma mukakwera kamsewu kopapatiza kopita pamwamba, mumapeza mpanda wa waya, ndipo mkati mwa mpandawo muli chimpira chachikulu chooneka ngati dzira la chimbalame. M'chimpiracho muli radar ya asilikali a ndege a Britain, a Royal Air Force (RAF), yomwe imayang'ana kumpoto usana ndi usiku. Boma linatsegula malo a RAF paphiripo mu 1957, linatsekapo mu 2006, kenako linabwereranso mu 2018. Kupita ndi kubwera kumeneku kuli ndi zifukwa zake, ndipo zoyambirira zimachokera ku maumbidwe a dziko lapansi lenilenilo.

Radar imagwira ntchito mofanana ndi munthu amene wafuula pafupi ndi thanthwe, thanthwelo n'kumuyankha. Likayankha msanga, ndiye kuti lili pafupi. Likachedwa, lili patali. M'malo mwa mawu, radar imaponya mafunde a wailesi, omwe amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Akagunda ndege, kagawo kochepa kamabwerera. Ndege ikakhala pa mtunda wa makilomita 300, ulendo wopita ndi wobwera ndi makilomita 600, ndipo umatenga magawo awiri okha mwa magawo 1,000 a sekondi. Makina amawerenga kanthawi kameneko n'kudziwa mtunda. Mbali imene ndege ili amaidziwira kumene eriyo inaloza pomwe yankho limafika, n'chifukwa chake eriyo imazungulira kosaleka. Vuto lake n'lakuti yankho limafika lofooka kwambiri. Mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu yobwerera imachepa ka 16. Ndiye radar yoona patali imafunika eriyo yaikulu ndi magetsi ambiri.

Komabe ngakhale mutakhala ndi mphamvu zochuluka bwanji, pali khoma limodzi limene simungaliboole. Mafunde a radar zamtunduwu amayenda molunjika, pamene dziko ndi lobulungira. Amene anakhalako kunyanja amazidziwa izi popanda kupita kusukulu. Sitima ikamabwera kuchokera m'chizimezime, choyamba kuoneka ndi utsi ndi mlongoti, thupi lake likadabisika kuseri kwa madzi. Mwana amene wakwera pamtunda amaiona Ilala anthu a padoko asanaione, ndipo amatsika akuthamanga kukauza amayi ake kuti asenze katundu. Maso a mwanayo sakuposa a akuluakulu aja. Chimene chamuthandiza ndi pamene waima.

Akatswiri ali ndi masamu ake ophweka owerengera zimenezi, ndipo ndi bwino kuwaona ndi manambala enieni. Eriyo yoikidwa mamita 10 pamwamba pa nyanja imaona pamadzi mpaka makilomita pafupifupi 13. Mukaikweza pa Saxa Vord, mamita 285, imafika makilomita pafupifupi 70. Tsono tengani ndege ziwiri. Yoyamba ikuuluka m'mwamba kwambiri, mamita 10,000, ngati ndege zonyamula anthu. Radar ya pagombe ingathe kuiona pa makilomita pafupifupi 425, ya paphiri pa makilomita pafupifupi 480. Kusiyana kulipo koma sikwakukulu. Yachiwiri ikubwera mozemba, mamita 100 okha pamwamba pa mafunde. Radar ya pagombe idzaiona itafika kale pa makilomita 54, pamene ya paphiri idzaitulukira pa makilomita oposa 110. Apa ndi pamene phiri limalipira. Ndege yothamanga makilomita 900 pa ola imadya makilomita 15 pa mphindi iliyonse, choncho wa pagombe ali ndi mphindi zosakwana zinayi, wa paphiri ali ndi zoposa zisanu ndi ziwiri. Mdani wofuna kubisala amauluka chapansi, ndipo mankhwala ake ndi kukwera pamwamba.

Chifukwa chachiwiri chili pa mapu. Mlimi wolondera chimanga samanga dindiro pakati pa mudzi. Amalimanga kumalire a munda, mbali imene anyani amatsikira. Unst ali makilomita pafupifupi 270 kumpoto kwa nsonga ya Scotland, ndipo ali pafupi ndi mzinda wa Bergen ku Norway kusiyana ndi Aberdeen. London ndiye ali kutali makilomita oposa 1,000. Chilumbachi chili kumpoto kuposa ngakhale Saint Petersburg wa ku Russia. Makilomita 270 aja, pa liwiro lomwe lija, ndi mphindi 18 zoonjezera. M'mphindi zimenezo woyendetsa ndege yankhondo amathamangira ku ndege yake, kuilitsa, kunyamuka ndi kukwera m'mwamba.

Ndege zikuluzikulu za Russia zikafuna kufika kunyanja ya Atlantic sizidutsa pamwamba pa mayiko a ku Ulaya. Zimakwera kumpoto, kuzungulira nsonga ya Norway, n'kutsika ndi nyanja ya pakati pa Norway ndi Iceland. Zikatero ziyenera kudutsa m'mipata ya pakati pa Greenland, Iceland, zilumba za Faroe ndi Britain, yomwe asilikali a NATO, mgwirizano wa chitetezo wa mayiko a ku Ulaya ndi North America, amaitchula mwachidule kuti GIUK. Sitima zankhondo zochokera kudera la Murmansk kumpoto kwa Russia, kuphatikizapo zoyenda pansi pa madzi, njira yake ndi yomweyo. Panyanja yaikulu chotere malo oti n'kuimikapo eriyo ndi owerengeka, ndipo n'chifukwa chake zilumba zingapo za m'derali zili ndi mapiri a radar. Ku Faroe kuli Sornfelli, lotalika mamita 749, pafupi ndi likulu lake, Tórshavn. Ku Iceland kuli malo anayi otere m'makona a dzikolo. Saxa Vord ndi mphete imodzi pa unyolo umenewu.

Dzina la phirili likusonyeza kuti ntchito ya ulonda si yachilendo pamenepa. Shetland inali m'manja mwa mafumu a ku Norway ndi Denmark mpaka 1469, ndipo mayina ambiri a malo ndi a chinenero chakale cha anthu a kumeneko. Mawu akuti "vord" amachokera ku liwu lawo lotanthauza mulu wa miyala wa pamwamba pa phiri, malo oonerapo patali ndi kuchenjezerapo anthu. Nthano ya pachilumbapo imati Saxi chinali chimphona chimene chinkakhala paphirili, chikumakangana ndi chinzake Herman cha kutsidya la khwawa la nyanja la Burra Firth, kumene lero kumatchedwa Hermaness.

Radar inafika ku Unst pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Germany itaukira Norway mu April 1940, Shetland inapezeka kuti yayang'anizana ndi mdani, ndipo a Royal Air Force anamanga malo a radar ku Skaw, pa ndomo ya Lamba Ness, kum'mawa kwa phirili. Nkhondo itatha malowo anasiyidwa. Koma Soviet Union, dziko lalikulu lomwe Russia inali mbali yake, itaphulitsa bomba lake loyamba la atomiki mu 1949, Britain anadzidzimuka. Ndege imodzi yokha yodutsa osaoneka inali yokwanira kufafaniza mzinda wonse. Boma linayamba ntchito yaikulu yomanganso maso a dziko, yotchedwa ROTOR, ndipo Saxa Vord inatsegulidwa mu 1957. Pamwamba anaikapo radar ya mtundu wa Type 80, yomwe chimbale chake chinali chotambalala mamita pafupifupi 23. Mawu a Chilatini a pa chizindikiro cha malowa anali akuti "Praemoneo de Periculis", kutanthauza kuti ndimachenjezeratu za ngozi.

Walira mvula walira matope. Kutalika komwe kumathandiza radar kuona patali ndi komwenso kumaiika pakamwa pa mphepo ya Atlantic, yomwe imabwera makilomita zikwizikwi popanda choitchinga. Chimbale cha mamita 23 pamwamba pa phiri lopanda mtengo chili ngati thanga ya bwato. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 mkuntho unachizula pamalo pake. Kuyambira pamenepo anaona kuti eriyo iyenera kukhala m'nyumba, ndipo ndiko kunabwera chimpira chija. Chigoba chake amachipanga ndi zinthu zimene mafunde a wailesi amadutsamo mosavuta, koma chimatchinga mphepo, madzi oundana ndi mchere wa m'nyanja umene umadya chitsulo. Kubulungira kwake n'kwadala, kuti mphepo izitsetsereka m'mbali kulikonse kumene yachokera. Eriyo imazungulira mkatimo mwakachetechete kunja kukuwomba chimphepo.

Ngakhale zinali choncho, usiku wolowera chaka cha 1992 kunabuka mkuntho umene anthu a ku Shetland sanauiwalebe. Zimanenedwa kuti pa Saxa Vord mphepo inafika makilomita 317 pa ola, chipangizo choyezera chisanauluke nayo. Chiwerengerochi sichinalowe m'mabuku ovomerezeka a zanyengo, koma zimene mphepoyo inachita zinaoneka ndi maso. Inawononga zipangizo paphiripo, inasasula nyumba, ndipo alendo awiri amene anagona m'kanyumba koonerako mbalame ku Hermaness anafa usiku umenewo. Ndikaganiza za amisiri amene ankakwera phiri limeneli m'nyengo yozizira, pamene dzuwa limaoneka maola osakwana asanu ndi limodzi patsiku, kukakonza chingwe kapena injini ya magetsi, ndimaona kuti chitetezo cha dziko chimene timachimva m'mawu a nduna chimakhala kwenikweni m'manja ouma ndi chisanu a anthu otere.

Mwina wina angafunse kuti ndege masiku ano zimadzilengeza zokha, nanga radar yotere ndi ya chiyani? Funso ndi labwino, ndipo yankho lake ndi limene limasiyanitsa radar ya asilikali ndi zambiri za pabwalo la ndege. Ndege yonyamula anthu ili ndi kachipangizo kotchedwa transponder. Radar ikaifunsa, kachipangizoko kamayankha kuti ndine uje, ndili pamtunda wakuti. Oyang'anira kayendedwe ka ndege amadalira kwambiri yankho limeneli. Koma woyendetsa akhoza kukazimitsa, ndipo akatero ndegeyo imasowa pa makina odalira kuyankhidwa. Radar ya pa Saxa Vord siyembekezera kuti munthu ayankhe. Imaona chitsulo chenichenicho, chifune chisafune. Ndege za Russia monga Tu-95, Tu-142 ndi Tu-160 kawirikawiri zimauluka osalengeza ulendo wake komanso osayankhula ndi oyang'anira ndege. Malamulo sizikuphwanya, chifukwa thambo la dziko limathera makilomita pafupifupi 22 kuchokera pagombe, ndipo kunja kwake ndi kwa aliyense. Koma zimadutsa m'njira za ndege zonyamula anthu za pakati pa Ulaya ndi America, zomwe oyang'anira a ku Prestwick ku Scotland amaziongolera. Chindege chosaoneka pakati pa njira yotere ndi ngozi, ngakhale kulibe nkhondo.

Zimene radar yaona sizikhala paphiripo. Zimatumizidwa nthawi yomweyo kummwera, ku RAF Boulmer m'chigawo cha Northumberland ku England, kumene amaziphatikiza ndi zochokera ku malo ena monga Benbecula ndi Buchan, komanso zochokera ku mayiko anzawo a NATO. Nthawi zambiri a ku Norway amakhala ataziona kale ndegezo ndi kuziperekeza, n'kupatsira a Britain monga mmene midzi yoyandikana imauzirana kuti fisi walowera kwanuko. Akaona kuti ndegeyo ndi yosadziwika, ndege zankhondo za Typhoon zimene zimakhala zokonzeka usana ndi usiku ku RAF Lossiemouth ku Scotland zimanyamuka. Zimakaiyandikira, kuizindikira, kuijambula ndi kuyenda nayo mpaka itatembenuka. Kawirikawiri nkhani imathera pomwepo, popanda kuwomba mfuti.

Soviet Union itatha mu 1991, maulendo a ndege zija anachepa kwambiri, ndipo mayiko a Kumadzulo anayamba kudula ndalama za asilikali. Saxa Vord inayamba kuchepetsedwa anthu, mpaka inatsekedwa mu 2006. Ku Faroe nakonso radar ya asilikali ya pa Sornfelli inazimitsidwa mu 2007. Chaka chomwecho, mu August 2007, mtsogoleri wa Russia, Vladimir Putin, analengeza kuti ndege za Russia zoponya mabomba ziyambiranso maulendo ake ataliatali. Maso anatsekedwa pa nthawi yomwe choyang'ana chinkabwerera. Ine ndimaona kuti kutseka kuja kunali kuganiza mofupika. Kusunga radar imodzi paphiri n'kotchipa poyerekeza ndi mtengo wa ndege imodzi yankhondo, ndipo malo a Unst pa mapu sanasinthe chifukwa choti boma la ku Moscow lasintha dzina. Russia italanda Crimea, dera la Ukraine, mu 2014, zinaonekeratu kuti mpata wa kumpoto sungakhale wosayang'aniridwa. Mu 2017 boma la Britain linalengeza kuti liwononga mapaundi 10 miliyoni kubwezeretsa radar pa Saxa Vord, ndipo mu 2018 inayamba kugwira ntchito. Ndi ya mtundu wa AN/TPS-77, yopangidwa ndi kampani ya Lockheed Martin, yotha kuona mpaka makilomita pafupifupi 470. Denmark ndi Faroe nawonso anagwirizana mu 2022 zoikanso radar pa Sornfelli.

Ndege zonyamula radar pamsana zilipo, ndipo zimaona pansi bwino kuposa phiri lililonse chifukwa zimakwera mamita zikwizikwi. Koma ndege imatha mafuta, anthu ake amatopa, ndipo ola lililonse m'mwamba limadya ndalama zambiri. Britain anapumitsa ndege zake zotere za E-3D mu 2021. Phiri silitera pansi. Kuipa kwake n'kwakuti silisunthanso. Radar ili ngati munthu woyenda ndi tochi mumdima: iye akuona, koma aliyense akumuonanso, ndipo pali mizinga yopangidwira kutsata mafunde a radar mpaka pa eriyo. Nkhondo yeniyeni itabuka, malo otere ndi amene amayamba kumenyedwa. Anthu a m'midzi ya Haroldswick ndi Norwick, m'munsi mwa phirili, akhala zaka zonsezi moyandikana ndi chandamale chimene sanachisankhe.

Mbali imeneyi ya anthu ndi imene imandikhudza kwambiri, ndipo mabuku a zankhondo amaidutsa mofulumira. Kwa zaka pafupifupi 50 asilikali ndi mabanja awo anali gawo lalikulu la moyo wa Unst. Nyumba zawo zinali kumunsi, pafupi ndi Haroldswick. Ana awo ankadzaza makalasi, malipiro awo ankagula m'masitolo a pachilumbapo, ndipo eni nthaka ambiri ankagwira ntchito pakampupo monga ophika, oyendetsa galimoto, amisiri ndi alonda. Ena mwa asilikaliwo anakwatira komweko n'kukhazikika. Pachilumba chimene ntchito zake zinali usodzi ndi kuweta nkhosa, malipiro a pamwezi otsimikizika anasunga achinyamata ambiri amene akanapita ku Lerwick kapena ku Aberdeen.

Ndiye kudula kuja kutabwera, kunagwa ngati chilala. Mu 1991 Unst anali ndi anthu oposa 1,000. Mu 1996 bwalo la ndege la ku Baltasound linataya ntchito yake yonyamula ogwira ntchito za mafuta a m'nyanja, asilikali nawo n'kuyamba kuchepa. Pofika 2001 anthu anatsala 720, ndipo mu 2011 anali 632 aja. Pamalo ang'ono chotere, banja limodzi likachoka sukulu imataya ana, sitolo imataya ogula, timu ya mpira imasowa osewera, ndipo amene atsala amayamba kudzifunsa ngati nawonso asapakire. Chigamulo chinapangidwa m'maofesi a ku London, makilomita oposa 1,000 kuchoka pamenepo, poyang'ana bajeti ya asilikali. Boma lili ndi ufulu wowerenga ndalama zake, sindikukana. Koma likakhala pamalo kwa zaka 50 mpaka anthu kumanga moyo wawo mozungulira kampu yake, lili ndi ngongole kwa anthuwo yoposa kalata yotsazika.

Kubwerera kwa radar mu 2018 sikunabweze zimene zinatayika. Dzina lake latsopano ndi Remote Radar Head Saxa Vord, kusonyeza kuti ndi diso chabe loyendetsedwa kuchokera kutali. Kale pankafunika anthu ambiri okhala pamakina kuwerenga timadontho ta pagalasi, ena owaphikira, ena owalondera. Lero makompyuta ndi zingwe za uthenga zimatumiza zonse ku Boulmer, ndipo paphiripo pamangofunika amisiri ochepa osamalira makina. Phiri labwerera pantchito, koma ana a sukulu aja sanabwerere.

Eni chilumba sanakhale manja lende. Nyumba zakale za asilikali zinasanduka malo ogona alendo, ndipo mu zina munayamba kufulidwa mowa. Alendo amabwera kudzaona mbalame za ku Hermaness ndi nyali ya panyanja ya Muckle Flugga. Ndipo chinthu chomwe chija chinakopa asilikali, kukhala kumapeto kwa dziko ndi nyanja yopanda anthu kumpoto kwake, chakopanso ena. Roketi yopita ndi setilaiti m'njira yodutsa pamwamba pa nsonga za kumpoto ndi kummwera za dziko lapansi imafunika kunyamukira chakumpoto, pamalo pomwe zidutswa zake zingagwere m'madzi osati pa mudzi. Choncho pa Lamba Ness, pamabwinja a radar ya nkhondo yachiwiri ija, pamangidwa malo oulutsira maroketi otchedwa SaxaVord Spaceport, omwe analandira chilolezo cha bungwe loyang'anira za ndege ku Britain mu December 2023. Kumanga pamabwinjawo kunadzetsa mkangano ndi osamalira malo a mbiri yakale, popeza ndi malo otetezedwa. Mu August 2024 gawo loyamba la roketi ya kampani ya ku Germany ya Rocket Factory Augsburg linaphulika pamene ankayesa injini zake pamalopo. Palibe amene anavulala, ndipo ntchito yokonzanso inapitirira, chimpira cha pa Saxa Vord chili pamwamba pake kumadzulo, eriyo ikuzungulira mkati.